Thumba la Tiyi ndi Diresi la Kadontho

9 Ogasiti

Achemwali,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi bambo. Miyendo yawo ija ikuti bwanji? Ine kuno ndili bwino, kungoti mutu wakula pang'ono chifukwa cha nkhani imene ndikufuna kukuuzaniyi. Pepalali musadabwe nalo. Kuseri kwake kuli mafunso a mayeso a chaka chatha, musavutike kuwayankha. Foni mukudziwa kale mmene imadyera mayunitsi, pamene kondakitala wa basi yobwera kwanuko amanditengera makalata ulere.

Andisankha kukhala mkulu wogwirizira wa dipatimenti yathu ya sayansi ya madzi. Ndati wogwirizira, ndiye musayambe kuuza anthu kuti yunivesite yonse ili m'manja mwanga. Amene anali pampandowu, aja timawatcha a Alawansi chifukwa sanaphonyepo semina ya kuhotela, nthawi yawo yatha. Anzanga onse anaukana mpandowo. Ine ndinachedwa kumsonkhano chifukwa ndinayenda wapansi pofuna kupulumutsa ya minibasi, ndipo ndinapeza atandisankha kale.

Koma zagwa m'nthawi yake. Boma lauza mayunivesite ake kuti tsopano adziyimire paokha pa chuma. Lizipereka zochepa, koma akuti ife tizidziwa tokha mmene tingaziyendetsere. Anzanga akudandaula. Ine mtima ukuvina, chifukwa dzina lija munandipatsa ndili mwana, loti Kaligwiritsa, lapeza ntchito tsopano. Munkandiseka ndikamasunga switi mpaka kusungunukira m'thumba. Lero boma likufuna anthu otero.

Vuto lilipo limodzi. Mu labu yathu muli makina oyezera madzi, amene amaonetsa ngati m'madzi muli zinthu zakupha kapena ayi. Makinawo anafa mwezi wa Juni. Popanda iwo ophunzira a chaka chomaliza sangachite kafukufuku wawo, ndipo popanda kafukufuku palibe digiri. Mwana wanu Kadontho ali m'gulu lomwelo, ndiye nkhaniyi sindikuitenga ngati ya ku ofesi chabe.

Kunabwera munthu wa kukampani imene inatigulitsa makinawo. Anasuzumira m'kati, n'kunena kuti pafunika kachitsulo kena koitanitsa kunja. Atanditchulira mtengo ndinamufunsa ngati kachitsuloko ndi ka golide. Sanaseke, ndipo ine ndinamubweza. Kuika chigamba pa makina okalamba chonchija n'kutaya ndalama. Ndaganiza zoti ndisunge chaka chonse, pofika Epulo ndigule atsopano, ana ayeze madzi awo, Ogasiti wa chaka chamawa mudzabwere kudzaona mwana wanu atavala mkanjo wa digiri.

Moni kwa bambo. Muwauze kuti mankhwala aja asamadumphe.

Mlongo wanu,
Kaligwiritsa

30 Ogasiti

Mlongo wanga,

Kalata yako ndalandira. Mafunso a kuseri ndinayesa awiri, onse ndalephera. Tili bwino. Miyendo ya bambo imatupabe madzulo, koma chimvereni nkhani yako akuyenda kuposa kale. Mawu oti wogwirizira anawataya panjira. Kometera tsitsi, kuchipatala, pa sitolo ya zitsulo, aliyense akudziwa kuti mwana wawo wapatsidwa makiyi a ndalama za yunivesite. Dzulo kunabwera mayi wina kudzapempha kuti umupezere mwana wake malo. Anabwera ndi nsalu yoti ndimusokere, ndiye sindinatsutse kwambiri.

Tsono poti wakhala munthu wamkulu, ndimvere. Makina anga osokera ayamba kudumpha ulusi, ndipo lamba watha. Ndikasoka siketi imodzi ndimamasula kawiri. Wokonza akuti si vuto lalikulu ndikafulumira. Unditumizireko kangachepe. Sindikupempha za boma, ndikupempha za m'thumba lako lija lili ndi zipi wosatseguka.

Nsalu ya diresi la Kadontho ndagula kale. Ndi ya buluu woderapo, yolemera bwino, yosachita makwinya. Ndaikulunga m'pulasitiki n'kuiika pamwamba pa kabati. Makasitomala awiri aiona n'kuifuna, ndawakaniza. Mwana ameneyu ndamuphunzitsa ndi singano kuyambira tsiku limene bambo ake anatisiya, ndipo ndikufuna kuti tsiku la digiri anthu adzaone ntchito ya singano yomweyo pathupi pake. Chinthu china chimene ndikuyembekezera m'moyo uno sindikuchidziwa.

Koma za makina akufawo, ukutsimikiza? Ine za kuyunivesite sindizidziwa. Ngati iwe wanena kuti zitheka, ndakhulupirira.

Bambo akufunsa ngati mkulu wa dipatimenti amapatsidwa galimoto. Ndawauza kuti ngakhale atakupatsa ungamaikankhe pofuna kusunga mafuta.

Mchemwali wako

20 Okutobala

Achemwali,

Moni nonse kumeneko. Ndachedwa kuyankha chifukwa kondakitala uja anamusinthira njira ina, ndipo ndinadikira kuti abwerere. Ku positi amagulitsa masitampa, sapereka.

Za makina anu osokera, ndalama sindinatumize, koma ndatumiza chinthu choposa ndalama, malangizo. Musakonzetse. Wokonza aliyense amati vuto si lalikulu, kenako mwezi wamawa abweranso. Muzisunga pang'onopang'ono mpaka mugule atsopano. Ndi zimene ndikuchita kuno, ndipo zikuyenda mochititsa kaso.

Ndinayamba ndi tiyi. Pamisonkhano ya dipatimenti pankakhala tiyi wamkaka ndi mabisiketi, ndipo misonkhanoyo inkatenga tsiku lonse. Ndathetsa. Tsopano anthu akangokhala pansi amagwirizana pa chilichonse, chifukwa palibe chodikira. Semina ya kuhotela imene a Alawansi ankaikonza chaka ndi chaka tinachitira m'chipinda chosungiramo mabotolo. Tinakambirana za tsogolo la dipatimenti titakhala pa makatoni. Mapepala atsopano sindigula. Inki ya makina osindikizira ikatha ndimaichotsa, n'kuigwedeza, n'kuibwezera, ndipo imalembabe ngati munthu ali ndi maso abwino. M'khonde ndachotsa mababu ena n'kusiya ena. Pulofesa wina anagunda chitseko ndi mphumi, koma akuchira.

Ngakhale ndalama za zokonzakonza sindinazikhudze. Chogwirira cha chitseko cha ofesi yanga chinathyoka, ndamangapo chingwe.

Sindinganame kuti anthu akundikonda. Moni wachepa. Pali wina amene m'mawa uliwonse amandiikira kapu yopanda kanthu patebulo, ndi supuni yake m'kati. Sindikumudziwa, koma makapuwo ndikusunga. A Alawansi anandipeza tsiku lina ndikuzimitsa magetsi m'kalasi, ophunzira asanamalize kutuluka. Anandigwira paphewa.

"Achimwene," anatero, "ndalama za boma sazisunga ayi. Amazimaliza."

"N'chifukwa chake munasiya makina akufa," ndinayankha.

"Ndinasiya makina odwala. Muitaneni wokonza uja."

Ndinawayang'ana pamimba, kenako ndinayang'ana panga, ndipo ndinadziwa kuti wanzeru ndani pakati pathu. Munthu amene wadya mabisiketi a boma zaka zonsezi sangandiphunzitse za chuma.

Kadontho ndimamuona m'kalasi. Amakhala kumbuyo ndipo amachita ngati sitidziwana. Ndi mwana wanzeru. Bambo muwauze kuti galimoto palibe, koma ulemu ukubwera.

Mlongo wanu,
Kaligwiritsa

3 Febuluwale

Amayi,

Muli bwanji? Agogo ali bwanji? Ine ndili bwino, kungoti nsapato zatha. Kafukufuku wanga ndi wa madzi a m'zitsime zimene zili kumunsi kwa fakitale ya utoto, ndiye ndimayenda m'matope ndi mabotolo kumsana. Anthu a kumeneko andizolowera. Mayi wina amandifunsa nthawi zonse kuti, "Mwana wanga, wapeza chiyani m'madzi athu?" Ndimangoti ndikuyezabe. Zoona zake n'zakuti sindinayezepo ngakhale botolo limodzi.

Madzi sachedwa kusintha akakhala m'botolo. Amene tinatunga Novembala tataya, tatunganso ena. Firiji ya mu labu yadzaza, ndipo mabotolo ena ali pansi pa matebulo. Makina aja ali pomwepo, wina anaikapo maluwa apulasitiki pamwamba.

Amalume akuti tidekhe mtima, Epulo sali patali. Akamanena amaoneka okondwa kwambiri moti munthu umachita manyazi kufunsa kawiri. Ndiye pali chinthu china chimene ndalakwitsa. Tsiku lina anzanga ankadandaula kuti mapepala a mayeso anasindikizidwa ndi inki yosaoneka, ine pakamwa panaterereka, n'kunena kuti ngakhale kwathu timawatcha a Kaligwiritsa. Dzinalo lafalikira yunivesite yonse. Alonda a pageti akulidziwa. Tsopano aliyense akudziwanso kuti ndine mwana wa mlongo wawo, ndipo anzanga akandiona amafunsa kuti makina afika liti, ngati ndimagona nawo.

Miyezo imene munafunsa ija nayi kuseri kwa pepalali. M'chiuno ndachepa pang'ono chifukwa cha kuyenda. Manja musapange aatali, mkanjo udzaphimba. Ngati mungathe munditumizireko ya nsapato ndi sopo. Amalume ndinawapempha, anandionetsa mmene ndingadulire sopo mmodzi kuti akwane mwezi.

Mwana wanu,
Kadontho

15 Epulo

Achemwali,

Moni kwa inu ndi bambo. Ndikhulupirira mvula sinakuwonongereni denga la shopu. Ine ndili moyo. Pali kanthu kakang'ono kamene kachitika, koma musade nkhawa.

Sabata yatha ndinavala jekete, n'kupita ku ofesi ya zachuma kukanena kuti ndasunga zokwanira kugula makina atsopano. Ndinkayenda m'khonde ngati mwana wopita kukaonetsa lipoti labwino. Mayi wa zachuma anandipatsa mpando, n'kutembenuzira kompyuta yawo kwa ine.

"Akulu, ndimafuna kukuitanani ndithu," anatero. "Dipatimenti yanu ndi yomaliza pa yunivesite yonse pa kagwiritsidwe ntchito ka bajeti."

"Yomaliza kuwononga?" ndinafunsa ndikumwetulira.

"Yomaliza basi. Kuno timayeza ndi zimene munthu wagwiritsa ntchito. Amene wamaliza zake ndiye wagwira ntchito. Inuyo apa zikuoneka ngati munatseka dipatimenti n'kupita kutchuthi."

Ndinawafotokozera za makina. Anandimvetsera mpaka kumapeto, ngati mmene namwino amamvetserera wodwala amene wadzipezera yekha matenda. Kenako anandiuza zimene aliyense pamalo pano amadziwa kupatula ine. Ndalama za boma sizibwera m'thumba limodzi. Pali thumba la tiyi, la maulendo, la mapepala, la maseminala, la zokonzakonza, ndi la zipangizo zatsopano. Thumba lathu la zipangizo zatsopano chaka chino mulibe kanthu. Zimene ndasunga ndi za tiyi, ndipo za tiyi zimagula tiyi.

"Sizingasamuke?" ndinafunsa.

"Zingasamuke komiti ya zachuma ikavomera, khonsolo ya yunivesite ikavomera, unduna ukavomera."

"Nanga kudziyimira patokha kuja?"

"Timadziyimira patokha posaka ndalama, akulu. Pozigwiritsa ntchito timayimabe pamzere."

Anawonjezera kuti zilizonse zimene zidzatsale chaka cha boma chikamatha pa 30 Juni zidzabwerera, ndipo chaka chamawa adzatidula zomwezo, poti taonetsa tokha kuti sitizifuna. Ndiye kuti anthu ndawamana tiyi miyezi yonseyi kuti ndiwamane tiyi mpaka kalekale. Potuluka ndinaphonya chitseko, n'kulowa m'chipinda chosungiramo matsache.

Komabe zonse sizinatayike. Makina atsopano alipo pa sitolo ya kampani ija, ndawaona ndi maso anga, ali m'pulasitiki. Ndalemba pempho loti ndalama zisamuke, ndipo komiti ikumana mwezi wamawa. Akangovomera ana ayeza madzi usana ndi madzulo mpaka amalize. Inu pitirizani kusoka. Kadontho musamulembere za izi, ndimuuza ndekha zikakhala bwino.

Mlongo wanu,
Kaligwiritsa

2 Juni

Mlongo wanga,

Tili bwino, ngati ukufuna kudziwa. Chilandirire kalata yako ya Epulo ndakulembera kawiri, iwe zii. Kondakitala ndamufunsa, akuti amakupatsa m'manja ndipo umangoika m'thumba osamuyang'ana. Ngati wakwiya chifukwa ndinakupempha ya makina osokera, khululuka, nkhani imeneyo inatha kale. Ngati ndi ukulu wakulowa m'mutu, undiuze kuti ndizilemba kudzera kwa sekilitale.

Kadontho anaimba foni kwa kanthawi kochepa. Ndinamufunsa za makina, anangoti amalume anena okha. Kenako anandiuza kuti ku ofesi yako kwabwera lole yodzaza shuga, masamba a tiyi, mkaka wa m'zitini ndi makatoni a mabisiketi, ndipo iwe mwini unaima pakhomo n'kumawerenga. Mayunitsi anathera pomwepo.

Ndiye ine ndi bambo takhala pansi n'kuganiza. Munthu amene amabisa shuga pansi pa bedi sangagule lole ya shuga popanda chifukwa. Bambo akuti ukukwatira. Asangalala kwambiri, ndipo apita kale kometera tsitsi kukalengeza. Akufunsa kuti mkaziyo ndi wa maphunziro kapena ndi munthu wamba, ndipo jekete lawo landipeza patebulo kuti ndilichepetse. Ine maganizo anga ndi ena. Ndikuopa kuti mwina wagwira ndalama za eni ake n'kuyamba bizinesi, ndipo tidzakumva pa wailesi. Ngati ndi choncho, bweza msanga, ukadali ndi dzina.

Diresi latha. Ndalipachika kumbuyo kwa chitseko, m'pulasitiki. Madzulo ndikatseka shopu ndimalivundukula pang'ono n'kuliyang'ana, kenako ndimadziseka ndekha. Ndiuze tsiku lenileni la mwambo kuti ndiyambe kukonza za ulendo wa bambo.

Yankha, iwe.

Mchemwali wako

24 Juni

Achemwali,

Moni. Sindikukwatira, ndipo sindinabe. Bambo muwauze mofatsa. Zikanakhala bwino chikanakhala chimodzi mwa ziwirizo, chifukwa zimene ndachita zilibe ngakhale dzina.

Makalata anu ndinawerenga onse. Sindinayankhe chifukwa ndinkadikira nkhani yabwino yoti ndiyambire. Komiti ya zachuma sinakumane pa tsiku lake, chifukwa thumba la alawansi ya mamembala ake linali litatha. Itakumana inavomera. Khonsolo inavomeranso. Unduna unayankha kuti yunivesite yodziyimira payokha isamafunse zinthu zazing'ono ngati zimenezi. Titabwera nayo kalatayo, a zachuma anati lamulo lakale silinafufutidwe, ndiye popanda chidindo cha unduna sangatulutse kanthu. Ndinabwerera ku unduna, ndinapeza wosunga chidindo ali ku semina yokambirana za kudziyimira paokha kwa mayunivesite.

Pali chinthu chimene sindinakuuzeni m'kalata ya Epulo. Tsiku lija mayi wa zachuma anandifunsa chifukwa chimene sindinakonzetsere makina akalewo. Thumba la zokonzakonza linali lodzaza, ndipo mtengo wa kachitsulo kaja unkakwana bwinobwino, n'kutsalako. Limenelo silinkafuna komiti, kapena khonsolo, kapena unduna. Linkafuna siginecha yanga yokha. Ndinathamanga kukaimbira kampani ndi mayunitsi anga. Anati kachitsuloko kamatenga miyezi inayi kuti kafike, ndipo boma sililipira chinthu chimene sichinafike chaka chisanathe. Ndikanasaina mu Ogasiti, tsiku limene ndinafunsa munthu uja ngati ndi ka golide, ana akanayamba kuyeza Khirisimasi isanafike. A Alawansi anandiuza, ine n'kumawayang'ana pamimba.

Shuga amene mwamvayo ndi wa kuthamanga. Kuti chaka chamawa asatidule, ndauzidwa kumaliza matumba onse mwezi uno usanathe, lililonse pa ntchito yake. Ofesi yanga yadzaza mpaka kudenga. Ndimalowa cham'mbali, pakati pa mabisiketi ndi mapepala. Tachita maseminala atatu kuhotela sabata imodzi, ndipo pa semina yomaliza tinakambirana za mmene maseminala awiri oyambawo anayendera. Thumba la zokonzakonza ndalimaliza popenta labu, kubwezeretsa mababu ndi kugula zogwirira zitseko. Makina akufa aja tsopano akugona m'chipinda chowala bwino.

Ndinayesa njira ina. Thumba la maulendo ndi la aphunzitsi okha, ophunzira saloledwa. Ndiye ndinanyamula mabotolo a ana onse m'bokosi la ayezi, n'kukwera basi yapamwamba kupita ku yunivesite ina imene ili ndi makina amoyo. Ndinagona hotela ya makapeti, ine ndi madzi a m'ngalande. Ndinayeza onse ndi manja anga. Nditabwera nazo zotsatira, komiti ya mayeso inati kafukufuku ayenera kukhala wa manja a wophunzira mwini. Sanalakwe. Choncho amene wamaliza kafukufuku chaka chino ndine ndekha, ndipo digiri ndili nayo kale. Chabwino chimodzi n'chakuti zitsime ziwiri za kumunsi kwa fakitale zapezeka ndi vuto, ndipo a zaumoyo tawadziwitsa.

Dzulo ndinawasonkhanitsa ana mu labu n'kuwauza kuti chaka chino samaliza. Ena analankhula mawu amene ndinayenera kuwamva. Kadontho ananyamuka. Anatenga mabotolo ake, n'kukhuthulira madzi mu sinki, n'kuyamba kuwatsuka limodzilimodzi, n'kumawaika mozondoka pa thaulo. Ndinaima pamenepo mpaka anamaliza. Ndinachita manyazi, achemwali, ndipo mpaka pano sanandichoke.

Munati mwakhulupirira chifukwa ndanena ndine. Pepani. Pepalali ndagula ndekha, sitampanso ndagula. M'envulopu muno muli ndalama pang'ono za makina anu osokera, ngati sizinachedwe nazonso.

Mlongo wanu

14 Julayi

Amayi,

Muli bwanji? Ndikudziwa kuti amalume akulemberani, ndiye sindibwereza. Ndinalira masiku awiri, kenako njala inandipeza. Ndili bwino tsopano. Musabwere kudzanditenga.

Ndikufuna ndikuuzeni zimene zachitika Lachisanu, chifukwa iwo sangakuuzeni. Kunali msonkhano wa yunivesite yonse wotsekera chaka cha bajeti. Akuluakulu anawerenga madipatimenti amene achita bwino, ndipo yathu inatchulidwa kuti ndi imene yasintha kwambiri, kuchoka pa nambala yomaliza mpaka kumaliza ndalama zonse osatsala kanthu. Amalume anaitanidwa kutsogolo n'kupatsidwa satifiketi ya m'galasi. Anthu anaomba m'manja. A Alawansi anaimirira n'kuwakumbatira. Amalume anaigwira satifiketiyo ngati mbale yotentha, osadziwa poiika. Ine ndinali kumbuyo, ndinkafuna kukwiya, koma ndinapezeka ndikuseka mpaka misozi.

Aipachika mu labu, pamwamba penipeni pa makina akufa. Ndinawafunsa chifukwa chake. Anati n'kuti aliyense wolowa aziona zonse ziwiri.

Kachitsulo kaja aitanitsa. Pa 1 Julayi, chaka chatsopano cha boma chitangoyamba, a zachuma anawapeza ataima pakhomo ofesi isanatsegulidwe, pepala lili m'manja. Akuti kafika Novembala. Tikayeza, tidzavala mikanjo Ogasiti wa chaka chamawa pamodzi ndi amene anali m'mbuyo mwathu.

Dzulo anandiitanira ku ofesi. Anandikhazika pa katoni ya mkaka, n'kundipangira tiyi ndi manja awo, shuga masupuni atatu. Anati lendi ya chipinda changa, chakudya ndi nsapato za chaka chonsechi ndi zawo, inu musatulutse kanthu. Anatsegula chikwama ine ndikuona, amayi. Zipi uja amatseguka. Anandiuzanso kuti akufunafuna njira yothandizira anzanga amene makolo awo sangakwanitse chaka china, koma pamenepo sindikudziwa ngati chikwama chimodzi chingathe. Mnzanga wina wa m'gulu lathu walongedza kale, akuti akafune ntchito, ndipo sindikhulupirira kuti adzabwerera. Amalume anapita kukamupempha kuti asapite. Anabwerako okha.

Diresi musagulitse.

Mwana wanu,
Kadontho

5 Ogasiti

Mlongo wanga,

Moni. Tili bwino. Kalata yako inabwera pa positi, ili ndi sitampa, pepala lake loyera mbali zonse. Ndisanawerenge ndinadziwa kuti zinthu zavuta, ndipo ndinayamba ndakhala pansi.

Sindinakuyankhe msanga chifukwa zimene ndikanalemba sabata imeneyo sizikanakhala za munthu ndi mlongo wake. Ndinakwiya kwambiri. Ndinatseka shopu masana, kasitomala ali pakhomo. Chaka chimodzi kwa inu a kuyunivesite ndi pepala lina la bajeti. Kwa ine ndi maso amene akuyamba kulephera kulowetsa ulusi, ndi miyendo ya bambo imene sindikudziwa ngati idzakwere basi chaka chamawa. Ndikufuna uzidziwe zimenezo, ndipo sindidzazinenanso.

Bambo ndinawauza zonse. Za ukwati anakhumudwa kuposa za digiri. Za satifiketi ndiye zawasangalatsa, ndipo kometera tsitsi akudziwa kale kuti mwana wawo wapambana yunivesite yonse pa zachuma. Ndawasiya. Jekete lawo ndachepetsa, akuti adikira.

Ndalama zako ndalandira. Makina osokera ndinakonzetsa kalekale, mwezi womwe uja unanditumizira malangizo, ndipo diresi ndinasokera omwewo. Ndiye zako ndakubwezera m'envulopu muno. Ukamufune mnzake wa Kadontho uja walongedza, ukayambire pamenepo. Usandiuze kuti n'za thumba lina. Kuno thumba ndi limodzi.

Mwana wanga akuti ndisagulitse diresi. Sindigulitsa. Ndalichotsa kumbuyo kwa chitseko, ndalipinda bwino, ndaliika m'sutikesi ndi mankhwala a njenjete. Usade nkhawa kuti chaka chamawa lidzamuthina ndi tiyi wa masupuni atatu amene ukumumwetsayo. Tsiku limene ndinkadula nsalu ija ndinaima nthawi yaitali sizasi ili m'manja, kalata yako yoyamba ili patebulo. Ndinakukhulupirira, sindinaname. Koma ndinakulera ndine, ndipo maswiti ako osungunuka ndinkachapa ndine. M'misoko yonse ndinasiyamo nsalu yokwanira chaka china.

Ubwere kunyumba mwezi uno. Ukwere basi, usayende wapansi.

Mchemwali wako